Khoma la pakati pa holo

Mu ofesi ina yojambula mapulani a nyumba mu Blantyre munkagwira ntchito a Flexon Msowoya, bambo wa ku Chilomoni amene anatha zaka makumi awiri akujambula ndi pensulo ndi rula. Dzanja lawo linali lodziwika: akalemba manambala pa pulani mumati adinda ndi makina. Koma mu 1996 abwana anagula makompyuta awiri, ndipo amene anatumizidwa ku kosi anali Mervis, mayi yemwe a Msowoya anamuphunzitsa okha kusongola pensulo. Nkhaniyi inawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Anzawo akapita kukadya masana, iwo ankatsala n'kumadinadina mabatani mobisa, mpaka mizere inayamba kuwamvera. Koma zofunsa munthu, ayi ndithu.

Ku mpingo kwawo amayi anali ataumba njerwa zilimwe ziwiri, madzi akutunga kuchigwa ndi ndowa pamutu, kuti amange holo ya maukwati ndi misonkhano. A Msowoya, poti anali mkulu wa mpingo, anaimirira mu komiti n'kudziguguda pachifuwa: "Za pulani musavutike. Ndikujambulirani pa kompyuta, osati zamanja zachikalezi." Anthu anaomba m'manja.

Pakati pa holoyo panayenera kudutsa mtanda wa konkire wonyamula denga. Pa pulani, chinthu cha m'mwamba chotere amachisonyeza ndi mizere yodukaduka, kuti womanga asachiyese khoma. A Msowoya anasankhadi mizere yodukaduka, koma pepala litatuluka m'makina osindikizira, tizidutswa tija tinali titachepa mpaka kugundana, n'kusanduka mizere iwiri yolunjika bwinobwino. Mawu amene analemba pambali pake, oti mtanda wa pamwamba, anatuluka ngati timazira ta nsabwe. Vuto linali sikelo, muyeso wochepetsera chojambula kuti chikwane pa pepala, ndipo iwo anazindikira. Atayesa kukulitsa zilembo, chizindikiro cha chitseko chinafufuma n'kudzaza khonde lonse. Atachibweza, zilembo zija zinafotanso. Analimbana nazo masiku atatu, thukuta lili kamukamu, Mervis ali pa desiki ya pambali pomwepo.

"Bambo Msowoya, zikuyenda? Ngati pavuta nenani," anatero Mervis.

"Palibe chovuta, mayi. Pitirizani zanu."

Akanatha kukanda mizereyo ndi lezala kuti iduke, koma aliyense akanaona kuti kompyuta yawagwetsa pansi. Anangopinda pulaniyo n'kupita nayo.

Mmisiri womanga, a Onesimo a ku Chemusa, anaitambasula pa mulu wa mchenga komiti yonse ikuonerera. Anasuzumira, napukuta magalasi, nasuzumiranso.

"Abwana, timawu iti tikuti chani? Ine maso akanika, olo ndi magalasi omwe."

Abusa anali pomwepo, amayi nawonso atazungulira, onse akusirira kuwala kwa pepala. A Msowoya anayankha msangamsanga.

"Zimenezo n'za mainjiniya. Inu tsatani mizere basi."

Mumtima ankati adzamunong'oneza mmisiriyo ali awiriwiri asanayambe kukumba. Koma m'mawa mwake kunafika uthenga woti akulu awo amwalira ku Rumphi. Maliro ndi nkhani za pamudzi zinawagwira milungu isanu, ndipo za mizere zija zinawachoka m'mutu.

Pobwera anapeza holo itafika pamwamba pa mawindo, ndipo pakatikati pake pataima khoma la njerwa ziwiriziwiri, lowongoka mosiririka, lopanda ndi khomo lomwe. A Onesimo anatsata mizere monga anauzidwa. Anthu odutsa pamsewu ankaseka kuti matipate yalowa mpaka mu mpingo, chipani china uku, china uku. Njerwa zinali zitatha, makoma akunja asanamalizidwe, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Michiru.

Mayi Ursula, amene ankatsogolera amayi oumba njerwa, anawalonjera mwaulemu, nawapepesa maliro, kenako anafunsa: "Ife tinadabwa ndithu, koma tinati a Msowoya ndi ophunzira, ndipo kompyuta sinama. Tsono pa ukwati, akuchimuna azikhala uku, akuchikazi uko?"

A Msowoya analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Lolemba anapita pa desiki ya Mervis, maso ali pansi, namuonetsa pulani ija. Mervis analemba pa kompyuta liwu limodzi ndi nambala imodzi, mizere ija n'kudukaduka pomwepo. Anakonzanso msinkhu wa zilembo pazokha osakhudza zitseko, mawu aja n'kuwerengeka. Tiyi amene anali pa desiki anali asanazizire n'komwe.

"Koma bambo, bwanji simunanene? Inenso zinandizunza ku kosi mpaka ndinalira."

A Msowoya anangopinda pulaniyo n'kubwerera pa desiki yawo.

Loweruka mpingo unasonkhana kudzagwetsa khomalo. Asanayambe, a Msowoya anaimirira n'kuulula zonse, kuti mmisiri asasenze mlandu wa eni. Palibe amene anawakalipira, ndipo zimenezo n'zimene zinawapweteka koposa. Simenti inali itagwira zolimba, moti nyundo ikamenya, njerwa zinkatuluka zibenthuzibenthu. Amayi ankatola m'fumbimo kufunafuna yamphumphu, ndipo zimene anapulumutsa sizinadzaze ngakhale wilibala zitatu. A Msowoya, ndi jekete yawo ya ku ofesi, ankatuta zibenthuzo kukataya kudzenje.

Mayi Ursula anakung'untha fumbi pa chitenje, nauza anzawo motsitsa mawu: "Zikombole zija musabweze kwa eni ake. Mvula ikatha tiyambiranso."

Chaka chimenecho mvula inagwera mu holo yopanda denga, ndipo amene anaipweteka sanali wakuba kapena waulesi, koma munthu waluso amene anaopa kunena kuti sindikudziwa. Akulu sananame: mbewa ya manyazi inafera kuuna.