Chikwama cha Hiske pa Mbendera

Mumsewu wathu muno nkhani sigona, ndipo iyi ya a Sjoerd yafika mpaka kwa amayi ogulitsa tchizi kumsika. Mukudziwa mmene zimakhalira mwezi wa Juni: mwana akakhoza mayeso otsiriza a sekondale, makolo amatulutsa mbendera n'kukoleka chikwama chake cha sukulu kunsonga kwa mtengo wa mbenderayo, kuti aliyense wodutsa pa njinga aone.

Tsikulo aphunzitsi anaimba foni kuti Hiske, mwana mmodzi yekhayo wa a Sjoerd, wakhoza. Mtsikanayo asanapukute n'komwe misozi, bambo ake anali atatulutsa kale makwerero. Sikuti chinali chimwemwe chokha ayi. Pakhomo loyandikana ndi lawo, a Douwe nawo ankadikira zotsatira za mwana wawo, ndipo awiriwa sankamwerana madzi chikanganirane za mpanda wa maluwa. A Sjoerd ankafuna kuti mbendera yawo iyambe ndiyo kuoneka.

"Bambo a Hiske, dikirani ndisambe m'manja ndikugwirireni," anatero akazi awo, a Aukje. "Mvula yangokata kumene, njerwazo zikuterera."

"Ndinayamba kukwera makwerero inu musanadziwe kukazinga dzira," anayankha a Sjoerd.

A Douwe anasuzumira pamwamba pa mpanda. "Achimwene, ndibwere ndigwire? Mimba imeneyo ndi makwerero sizimvana."

"Kagwireni a kwanu, ngati mukhale ndi chokoleka."

Anakwera atavala nsapato zawo zamatabwa za kudimba, dzanja limodzi lili pa mtengo wa mbendera. Chikwamacho chinali chikadali ndi mabuku, chifukwa sanalole n'komwe kuti Hiske akhuthule. Atasendera kumbali kuti alowetse mtengowo m'chitsulo cha pamwamba pa chitseko, chikwama chinalendewera, n'kuwakoka. Makwerero anatsetsereka pansi pang'onopang'ono, ngati akupempha chilolezo.

Pomwe anaima asanagwe sipatali, Hiske akadumpha amapakhudza. Koma ntchafu inathyokera m'chiuno, ndi dzanja lamanja lomwe.

Kuchipatala namwino sanadabwe. "Sabata sitha tisanalandire wa makwerero, bambo. Wina wagwa kuntchito akupenta, wina akuchotsa masamba padenga la kwawo. Ambiri amagwera pafupi ngati inuyo, ndipo ena sayendanso. Kunalibe woti akugwirireni?"

A Sjoerd anangoyang'ana kudenga.

Ndiye mvetserani chimene chikuyendetsa malilime mumsewu muno. M'mawa mwake amene anakoleka chikwamacho ndi a Douwe, a Aukje ndi Hiske atagwira makwerero mbali zonse. Chonsecho mwana wa a Douwe anali atalephera, pakhomo pawo panalibe chokoleka. Atatsika anangogwira Hiske chanza n'kubwerera kwawo.

Tsiku lolandira masatifiketi, mpando wa a Sjoerd m'holo ya sukulu unali wopanda munthu. Iwo anali chigonere, chitsulo chili m'ntchafu, lole yawo ya mkaka ikuyendetsedwa ndi wina mpaka nyengo yozizira ya kumapeto kwa chaka. Mwana wawo anamuonera pa kafoni, dzina lake likutchulidwa.

Madzulo Hiske anawabweretsera satifiketiyo n'kuiika pabulangeti.

"Ababa, ndikanadziwa ndikanalephera dala."

Anayesa kuseka, koma m'chiuno munakana.

Kamtengo ka mbendera n'kopepuka, mwana anganyamule. Koma a Sjoerd aphunzira ali gone kuti mutu umodzi susenza denga.