Kompyuta ya Pakona ndi Mwera wa ku Nkope

Mu ofesi ya bungwe lina la asodzi pa boma la Mangochi munali kompyuta imodzi yomwe ngakhale wosesa ankailambalala mwaulemu. Inkakhala pakona, ndipo sinkazimitsidwa. Ntchito yake inali imodzi basi. Masana aliwonse inkafufuza pa intaneti za mphepo ya tsikulo, ndipo ikapeza kuti mwera ukubwera ndi ukali, inkatumiza uthenga m'Chichewa ndi m'Chiyao ku mafoni a eni maboti, kuchokera ku Malindi mpaka ku Nkope ndi Monkey Bay. Nyanja ikakhala ya bata, sinkatumiza kanthu. Asodzi anazolowera zimenezi moti ambiri anasiya kuyang'anitsitsa kumwamba monga ankachitira makolo awo. Foni ikapanda kulira, alovi, anyamata ogwira ntchito m'maboti, ankakweza khoka la chilimira m'boti, ulendo wokapha usipa.

Anakonza pulogalamu imeneyi anali Shamima, mtsikana wosalankhulalankhula. Atatsala pang'ono kupita kwawo ku Katuli kukadikira kubereka, anasiya makiyi m'manja mwa Ambrose, mnyamata yemwe anali atangomaliza kumene za makompyuta ku koleji. Ambrose nzeru anali nazo, zimenezo tisamunamizire. Vuto lake linali la maso. Chilichonse chatsopano chikadutsa, mtima wake unkachitsatira, chomwe chili m'manja n'kuchiiwala.

Shamima anamufotokozera mofatsa kuti pulogalamu siyenda yokha. Imabwereka zida zomwe anthu ena analemba kale, zomwe zimabwera m'maphukusi, ndipo phukusi limodzi likasowa kapena likasinthidwa, pulogalamu yonse imaima. Ya mwerayo inalembedwa m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, ndipo maphukusi ake onse iye anawasunga m'foda yawoyawo yomwe ankaitchula kuti khola.

"M'kompyuta yako sewera mmene ungafunire," anatero Shamima. "Iyi usaikemo kanthu, usachotsemo kanthu. Ukaona zachilendo, undiimbire, ngakhale ndili m'chikuta."

Ambrose anavomera ndi mutu, koma mumtima anati mkazi uyu akundiyesa mwana wa sitandade wani.

Nyengo yozizira italowa, wapampando wa bungwe analengeza kuti kukubwera alendo ochokera ku Lilongwe, omwe amathandiza ntchitoyi, ndipo akufuna kukacheza ndi asodzi ku Nkope. Anangomupempha Ambrose kuti akawaonetse mmene uthenga umayendera, basi. Koma kwa Ambrose zimenezo zinali zonyozeka. Anthu achoke ku likulu kudzaona kauthenga ka pa foni ya mabatani? Ayi ndithu. Iye anafuna mapu a nyanja oyenda okha pa sikirini, mivi ya mphepo ikuvina, manambala a nsomba akukwera ndi kutsika mwamitundumitundu. Kompyuta yake inali nkhalamba yotsokomola, pamene ya pakonayo inali yamphamvu ndiponso yongokhala tsiku lonse. Anaikokera mpando.

Anayamba ndi kuikamo Python wina watsopano, poti wa Shamima anamuona wachikale. Atalemba pulogalamu yake yowerengera nsomba n'kuiyendetsa, panatuluka mzere wofiira: No module named pandas. Kompyuta inali kunena kuti phukusi lotchedwa pandas silikupezeka. Analamula kuti liikidwe. Kompyuta inayankha kuti lilimo kale. Anayendetsanso, mzere womwewo. Anaikanso, yankho lomwelo. Mnyamata anagwira m'mutu, kukamwa kuli yasa. Chinthu chikhalemo, chomwechonso chisowe? Sanazindikire msanga kuti tsopano m'kompyutamo munali a Python awiri, ndipo iye ankathira ufa m'thumba lina n'kumakaufuna m'thumba linalo.

Munthu wodekha akanaima pomwepo. Ambrose anati Python wavuta, tiyese R, chilankhulo chomwe anamva kuti chimajambula manambala mokongola. R analowa bwinobwino, koma phukusi lake la mapu linakana kukhazikika, likuti likufuna zida zina zitatu zomwe munalibe. Ataziika zidazo, imodzi inati singagwirizane ndi inzake yakale. Atakweza yakaleyo, china chomwe dzulo chinkayenda chinaima. Ali mkati molimbana ndi zimenezo, anaona pa intaneti mapu ena okoma kwambiri opangidwa ndi chilankhulo chinanso chotchedwa JavaScript, ndipo malovu anadzadza m'kamwa. Anaikamonso zimenezo. Nazo zinalavula machenjezo odzadza sikirini, phukusi ili likufuna ilo, ilo likukana lija.

Apa mpamene mnyamata anapengeratu. Cholakwa chilichonse ankachikopera pa intaneti, ndipo yankho loyamba kulipeza, kaya walemba ndi munthu wa ku India kaya wa ku Brazil, ankalimata osaliwerenga. Anaphunzira kaliwu koti sudo, komwe kamauza kompyuta kuti ikhale chete chifukwa mwini wake walankhula, ndipo anayamba kukaika patsogolo pa lamulo lililonse. Chakudya cha masana chinkazizirira pa tebulo. Anzake akamufunsa, ankangoti zatsala pang'ono.

Shamima anaimba foni tsiku lina, khanda likulira chapatali, netiweki ya ku Katuli ikudukaduka. Anafunsa ngati kompyuta ya pakona ili bwino, ndipo Ambrose anati ili bwino kuposa kale. Mawu akuti kuposa kalewo sanamusangalatse Shamima. Anamukumbutsa kuti ino ndi nyengo ya mwera, ndipo anamupempha kuti adzitumizire uthenga woyesera pa foni yake, ntchito yosatenga ngakhale nthawi yomwera kapu ya tiyi. Ambrose anati achita akangodula foni. Atadula, anabwerera ku mapu ake.

Kenako kompyuta inadandaula kuti malo atha. Ambrose anayang'ana chomwe angataye, ndipo maso ake anagwera pa khola la Shamima. Ankalidziwa bwino lomwe, sitinganene kuti analakwitsa mosadziwa. Koma anadziuza kuti maphukusi akalewa ngantchito yanji pamene iye waikamo atsopano okhaokha? Analozera pulogalamu ya mwera kwa Python wake watsopano, khola lija n'kulifufuta. Ndipo taonani tsoka lake: tsiku lomwelo mapu anayenda. Mizere yofiira inatha, mivi ya mphepo inayamba kuvina pamwamba pa chilumba cha Boadzulu monga ankafunira. Ambrose anadumpha, mpando n'kugwa. Anaitana aliyense mu ofesimo kuti adzaone, ndipo onse anagoma.

Masiku otsatira nyanja inali phee. Mafoni a asodzi sanalire, ndipo panalibe chifukwa choti alire.

Tsiku la alendo, Ambrose anadzuka fumbi likuuluka m'misewu ya pa boma, malata akulira, mitengo ya mango ikuwerama. Iye anangodandaula za malaya ake oyera. Anazula kompyuta ya pakona, naikulunga bwino m'chitenje, n'kuikweza m'galimoto. Ulendo wonse anali pakamwa mbee, kufotokozera alendo za zilankhulo zitatu zomwe wazigwirizanitsa m'kompyuta imodzi.

Atakhota kulowa ku Nkope, dalaivala anachepetsa liwiro, kenako anaimiratu. Kutsogolo kunkabwera chigulu cha amuna ovala mikanjo ndi zisoti, atanyamula jeneza paphewa, akulandirana mwachangu monga amachitira Asilamu popita kumanda. Wapampando anatsika, anavula chipewa, nafunsa mayi wina yemwe anaima m'mbali mwa msewu atagwira tsaya. Mayiyo anati womwalirayo ndi Iddi, mwana wa Che Jaffalie. Dzulo madzulo maboti anapita monga mwa masiku onse. Mwera unawapeza ali pakati pa nyanja. Ena anathawira ku gombe, ena anataya makoka kuti apulumuke, koma boti la Che Jaffalie linagudubuzika. Alovi anzake a Iddi anakangamira matabwa mpaka kunja kunacha. Iddi anamupeza m'mawa atakodwa mu chilimira cha bambo ake. Wasiya mkazi ndi mwana woyamwa.

Che Jaffalie anali mkulu wa komiti ya gombe la Nkope, munthu yemwe anayenda khomo ndi khomo kukopa anzake kuti alembetse manambala awo ku bungwe. Ndi iwo omwe amayenera kulandira alendowo.

Ambrose anatsika m'galimoto. Ananyamula kompyuta ija kupita nayo m'kagolosale komwe anakonza zoonetsera mapu, anailumikiza, nayendetsa pulogalamu ya mwera ndi dzanja lake, chinthu chomwe sanachitepo chifufutireni khola lija. Panatuluka mzere umodzi wofiira. No module named, kenako dzina la phukusi lotumizira mauthenga. Anali ataika maphukusi a mapu, a manambala, a mitundu, a mivi yovina, koma limeneli sanaliganizireko n'komwe. Anayang'ana zomwe kompyuta inalemba dzulo masana. Inauona mwera ukubwera. Inafika poti itumize, n'kugwa pa mzere womwewo. Anakhala pansi pa simenti.

Amuna atabwerera kumanda, alendo aja anapita kukapepesa pa siwa, ndipo wapampando anamukoka Ambrose kuti asatsalire. Che Jaffalie anali atakhala pa mkeka, dothi la kumanda lidakali m'mapazi. Analandira manja a alendo mmodzimmodzi, akuti zonse ndi za Allah. Ataona Ambrose, anamukodola kuti asendere pafupi. Ambrose anagwada, akuyembekeza mawu omwe ankamuyenera. Mkuluyo anapisa m'thumba la mkanjo, natulutsa kafoni kawo ka mabatani komangidwa ndi mphira.

"Mwananga, inu ndinu odziwa zinthu izi. Tandionerani foni yangayi. Dzulo ndinaiyang'ana kangapo Iddi asananyamuke, sinalire. Ndiye ndinamuuza ndine kuti pita, kulibe mwera."

Anamupatsa Ambrose foniyo, napitiriza.

"Iddi anandiuza kalekale kuti baba gulani ina, iyi yatha. Ine kukana. Kapena ndamupha ndine ndi kuumira kwangaku?"

Foniyo inali bwinobwino. Netiweki inali yodzadza, batire lodzadza. Ambrose anaigwira ndi manja awiri, akuiyang'ana. Wapampando ankamuyang'ana. Alendo ankamuyang'ana. Kuseri kwa mpanda akazi anayambanso kulira. Chomwe chinamuwawa koposa n'choti mkuluyo sankamukayikira ngakhale pang'ono, ankangodikira kuti katswiri awauze ngati mlandu uli wawo.

"Foni yanu ilibe vuto, baba," anatero Ambrose. "Uthengawo sunachoke ku ofesi. Ndinauimitsa ndine."

Che Jaffalie sanakalipe. Anamuyang'ana nthawi yaitali ngati sakumva Chichewa, kenako anatenga foni yawo, naibwezera m'thumba, n'kutembenukira kukhoma. Pa siwapo panalibe yemwe anafunsa za mapu, ndipo mpaka lero palibe msodzi wa ku Nkope yemwe anawaonapo.

Ambrose anapatsidwa nthambi imodzi yoti agwire, yolimba, yonyamula miyoyo ya anthu. Anaona ina yobala bwino, naona inanso, mpaka anasiya yomwe inamunyamula. Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.