Kaundula wa Ana Osalira

Mayi Junmaya Tamang anali mlembi pa ofesi ya kalembera kumapiri a ku Nepal. Ntchito yawo inali kulemba obadwa, omwalira ndi okwatirana, n'kudinda chidindo cha boma.

Tsiku lina kunabwera mayi wina dzina lake Phulmati, wochokera kutsidya la mtsinje. Pakati pake pa miyezi isanu ndi itatu panathera m'njira, amuna anayi atamunyamula kupita kuchipatala. Mwana anabadwa ali chete.

"Ndinamutcha Asmita," anatero. "Mundilembere kapepala, achemwali, kuti pasadzapezeke wonena kuti kunalibe munthu."

Fomu ya mwana wotero kunalibe. Mayi Junmaya anakagogoda kwa wapampando wa deralo, bambo Khadga Basnet, amene anawapeza akupemerera tiyi.

"Mayi, chiphaso chilichonse chimadya ndalama za boma," anatero a Basnet. "Pepala, inki, nthawi yanu. Tikulephera kulemba amoyo, ndiye tiyambe kulemba amene sanalire n'komwe? Adzavota?"

Mayi Junmaya anatuluka. Anatsikira kumsika, nagula buku lachikuto cholimba ndi ndalama za m'thumba mwawo. Patsamba loyamba analemba dzina la Asmita, mudzi wa amake, tsiku, ndi maola amene anayenda asanafike kuchipatala. Kenako anamupatsa Phulmati kapepala kolemba pamanja, kopanda chidindo.

Mbiri inayenda. Azimayi amene kale ankangolirira m'chipinda anayamba kubwera mmodzimmodzi, ena mozemba apongozi awo. Anzawo a muofesi ankawaseka mayi Junmaya kuti ndi mlembi wa mizimu. Ngakhale amuna awo anawafunsa tsiku lina, "Kodi amake mwana, bukuli lidzakukwezani pantchito?"

"Silidzandikweza," anayankha. "Koma dzanja ndi langa."

Zaka zinayi zinatha chomwecho, mzere umodzi mwezi uno, mwezi wina osalembamo kanthu.

Kenako kunabwera msonkhano wogawa ndalama za chitukuko. A Basnet anali atakonza kale zomanga chipata chachikulu cholowera m'tauni, cholembedwa mawu olandira alendo. Atafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, mayi Junmaya anaimirira ndi buku lawo, nayamba kuwerenga maina. Anawerenga makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Pa dzina lililonse ankatchula mudzi, ndipo anthu anayamba kuyang'anana, chifukwa midzi inkangobwerezeka yomweyomweyo, ya kutsidya la mtsinje kumene kulibe msewu.

"Zimenezo si zolemba za boma," anadula a Basnet.

Phulmati anaimirira kumbuyo. "Si za boma, bambo, koma ndi ana athu."

Azimayi ena anaimiriranso, kenako mwamuna wina wa imvi amene ananyamulapo mkazi wake m'njira imeneyo. Mkulu wa zaumoyo wochokera kuboma, yemwe anangobwera kudzakhala mboni, anapempha bukulo. Analitembenuza kwa nthawi yaitali.

"M'mapepala athu dera lino silinatayepo mwana," anatero. "N'chifukwa chake sitinakutumizireni mzamba."

Chipata chija sichinamangidwe. Kutsidya kunamangidwa kanyumba kochilira ka zipinda ziwiri, ndipo mzamba anabwera mvula isanayambe. Khonsolo inavomerezanso kusindikiza ziphaso za ana obadwa ali chete, ndipo atawonkhetsa mtengo wake wa chaka chonse anapeza kuti sunkafika pa tiyi wa misonkhano itatu.

Pa tsiku lotsegulira, a Basnet anavala nkhata yamaluwa n'kuuza khamu kuti maganizo amenewa anali nawo kuyambira kale. Mayi Junmaya anawomba nawo m'manja, osakwiya. Chimene chinawasangalatsa n'chakuti chaka chotsatira analemba maina awiri okha a kutsidya, pamene kaundula wa obadwa amoyo anadzaza mpaka anaitanitsa wina.

Akuluakulu sananame: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.