Mlonda Amene Anapita Kukapepesa

Panali munthu wina, mlonda wa pa chipata cha m'malire a dziko. Mwezi umenewo mtima wake sunali m'malo, pakuti m'midzi yapafupi munasowa atsikana, ndipo mmodzi anali Tiyanjane, mwana wa mlongo wake. Galimoto iliyonse ankaisecha mpaka kunsi kwa mipando.

Tsiku lina masana kunafika lole yofunditsidwa lona, itasomekedwa masamba kutsogolo monga imachitira galimoto ya maliro. Pa kompyuta ya mu ofesi panali patalembedwa kale kuti loleyo idutse. Kenaka foni inalira. Anali mawu a bwana wake enieni, ndi kachifuwa kawo komwe, akuti mtembo wachedwa, asavutitse anamfedwa, atsegule msanga. Mlondayo sanadziwe kuti mbava zinali zitalowa m'kompyutamo zili kutali, ndi kuti mawuwo zinachita kupanga ndi makina.

Nanga maliro amasecha ndani? Anatsegula loko. Koma asanakankhe chipata, kuleredwa kunamugwira mwendo, poti kwawo maliro sadutsa pamaso pako osapepesa. Anavula chipewa nazungulira kumbuyo kwa lole, dalaivala ali pakalapakala kuliza hutala. Anakweza lona pang'ono nawerama.

"Pepani, anamfedwa."

Bokosi linalipo ndithu, koma panalibe mayi ngakhale mmodzi wokhala pambali pake, panalibenso nyimbo. Maliro anji opanda amayi? Ali chiganizire, kuseri kwa bokosi kunamveka timawu ta mtsikana.

"Amalume?"

Anathamanga kukatsekanso loko, naitana anzake. Dalaivala analiyatsa liwiro kulowa m'tchire, koma atsikana onse osowa aja anatsika m'lolemo amoyo. Mlonda uja anakumbatira mwana wa mlongo wake. Anangokhala pafumbi, Tiyanjane ali m'manja, nalira ndi chimwemwe osachita manyazi.

Tsono inu mwavala yunifolomu leronu, tcherani khutu. Kale mdani ankawoloka mtsinje, ife n'kumulondola mapazi. Lero amalowera m'foni atabwereka mawu a bwana wanu. Musadziyese ochenjera kuposa mlonda uja, pakuti naye anapusitsidwa, loko anatsegula. Kompyuta ikati adutse, foni ikati fulumira, inu dzukani pampandopo mukaone ndi maso anu. Kuseri kwa lonako kungakhale mwana wa munthu, akudikira kuti wina akweze.