Mulu wa Wogwira Mpeni

Lachinayi lina, itangotha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, a Sumaili Nkapita anaimika galimoto pa mzikiti wa Shehe Twaibu Likonde. A Nkapita anali mkulu wa zachuma pa khonsolo ya boma lina, munthu wa sukulu yambiri, ndipo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Koma tsikuli madzi anali atafika m'khosi. Kulikulu anawalamula kuti adule bajeti ya chaka chotsatira, iwo n'kuidula: mafuta a ambulansi anawachepetsa ndi theka, ntchito yokonza mijigo anaiimitsa. Nkhani inatuluka msanga, ndipo anthu anapangana zokatseka geti la khonsolo Lolemba, tsiku loti makhansala avomereze bajetiyo. Ikakanidwa, a Nkapita ankadziwa kuti mpando wawo wapita.

Anawapeza Shehe atakhala pamkeka, akusoka chikuto cha buku lakale. Atapatsana salamu, mlendoyo sanazungulire. Anapempha kuti pa ulaliki wa Ijumaa, Lachisanu, Shehe awauze anthu za kupirira, poti chuma cha dziko chadwala ndipo mankhwala ake ndi owawa. Anatulutsanso mapepala, n'kumathirako Chingerezi apa ndi apo, mwina kuti mkuluyo agonje msanga.

Shehe anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa modekha ngati mwa zodulidwazo muli chilichonse chokhudza a Nkapita eni ake.

Funsoli linawabaya. Galimoto ziwiri zatsopano za mabwana zinali zikadali m'bajetimo, ndipo maalawansi a misonkhano ya kuhotela sanakhudzidwe n'komwe. Anachita manyazi, ndipo monga zimakhalira ndi anthu odzimva, manyaziwo anatuluka ngati mkwiyo.

"Pepani a Shehe, zachumazi tisiyireni ife amene tinaziphunzira. Inu ndangokupemphani mawu awiri okha. Magazi akakhetsedwa Lolemba, mlanduwo udzakhalanso wanu."

A Nkapita anazindikira kuti alumpha malire, koma mawu anali atatuluka kale. Shehe anaika singano pansi, n'kuwayang'ana popanda udani.

"Mwanena zoona, bwana, masamu anuwo sindiwadziwa," anatero. "Chimene ndimadziwa ine n'kugawa nyama ya kurubani, nsembe ya pa Idi. Pamzikiti pano tagawa zaka makumi atatu, ndipo palibe anamenyanapo, ngakhale chaka chimene ng'ombe inali imodzi, mabanja makumi asanu. Wogwira mpeni amaunjika milu pamasamba a nthochi, n'kuima pambali kuti aliyense asankhe. Mulu wotsala ndiye wake. N'chifukwa chake dzanja lake silikondera, ndipo wolandira kafupa sadandaula. Inu mwachotseratu mulu wanu anthu asanaitanidwe. Kaubwezereni pamasamba. Mukatero, mawa ndilalikira za kupirira, ndipo ndiyamba ndi dzina lanu."