Tsiku Limene Kamwankhwali Anabwerera Kwawo

Ana inu, mwambi ulibe msika wougula. Uliwonse unachita kugwera munthu, monga nthambi igwera wodutsa. Ena adzakuuzani kuti mwambi wa lerowu ndi wakale kuposa simenti. Asiyeni, sanalipo. Nkhani iyi inachokera kwa munthu amene nsapato yake inapita ndi madzi tsiku lomwelo.

Kuseri kwa phiri lina kunali dambo lalikulu, lonyowa chaka chonse. Kumeneko mayi wina wamasiye, dzina lake Nachisale, anali ndi dimba lomwe anamusiyira amayi ake. Mpiru wa m'dimbamo, tsamba limodzi munthu ankafunda pa mvula, ndipo nzimbe imodzi inkafuna anthu awiri posenza. Ndi dimba limenelo Nachisale analera ana anayi osapempha mchere pakhomo pa munthu.

Ndiye kunabwera kampani ina, ya dzina lalitali ngati mchira wa ng'ona, kudzamanga damu pa mtsinje waukulu. Damu litatha, madzi anabwerera m'mbuyo n'kumeza dambo lonse. Nachisale anaima pamtunda n'kumaona nsonga za nzimbe zake zikugwedezeka m'madzi ngati zikutsanzika.

Komabe panali pangano, lolembedwa pa pepala la chidindo. Linkati womeza dambo abale dambo lina. Kampaniyo inalonjeza kudzutsa kamtsinje ka kumtunda, kotchedwa Kamwankhwali, kuti kayalenso madzi ake, bango limere, ndipo onse otaya madimba agawiridwe ena m'mbali mwake. Boma linaika mayi wina wa mumzinda, a Dzinyemba, kuti azilondoloza ntchitoyo. Iwo akadzangosaina kuti dambo latsopano lili moyo, kampani idzapakira katundu wake n'kupita osabwereranso. Chimene idzasiye ndi chomwecho, kaya ndi dambo kaya ndi fumbi.

Nkhani inavuta apa. Pomanga damu, kampani yomweyo inali itakwirira khwawa la Kamwankhwali ndi dothi ndi miyala, n'kusalaza pamwamba kuti pakhale bwalo loimikapo malole. Madzi ankadutsa pansi m'chipaipi. Pabwalopo kapitawo wa ntchito, a Mkwapatira, anamangapo ofesi ya malata owala, ya khonde, n'kudzala maluwa m'matayala. Tsono kudzutsa kamtsinjeko kunkafuna kufukula bwalo lonselo. A Mkwapatira anayang'ana ofesi yawo, anayang'ana maluwa awo, kenaka anatenga mapu ndi lula n'kujambula mzere wowongoka kumbali, pachitunda cha nsangalabwi. Anati mtsinje uzidutsa pamenepo. Anakumbitsa ngalande, ndipo chipaipi chija anachitseka kukamwa ndi matumba a mchenga.

Nachisale ataona zimenezo mtima unamuwira. Anapita pakhonde la ofesi, osakhala pansi.

"Bwana kapitawo, madzi a kuno ndinakula nawo. Kodi munawaonapo akukwera chitunda?"

"Mayi, inu munalekeza sitandade chani?" anafunsa a Mkwapatira akupepesera nkhope ndi mapu. "Mzere uwu ndi wa anthu ophunzira. Madzi amapita kumene tawauza."

Nachisale anayankha kuti mwina madzi a mumzinda amawerenga mapu, koma a Kamwankhwali sanapondeko ku sukulu, monga iye yemwe. Antchito amene anali pafupi anatsokomola pobisa kuseka.

Pofuna kumutseka pakamwa, a Mkwapatira anamupatsa ntchito. Pakati pa ngalande yatsopano anazika ndodo yachitsulo yokhala ndi mizere, ndipo mzere umodzi unali wofiira. Anamuuza kuti m'mawa uliwonse aziona pamene madzi afika. Popeza sankadziwa kulemba, Nachisale anasenda luzi lalitali, nanena kuti tsiku lililonse limene madzi a mtsinje adzakhudze ndodoyo adzamanga mfundo imodzi. Anamuonetsanso dimba lake latsopano m'mbali mwa ngalandeyo. Atagwetsa khasu koyamba, khasulo linalavula moto, nkhanga zonse za pachitundapo n'kuthawa.

Chilimwe chinadza. Ndodo inangoima pafumbi, abuluzi akuwotherapo dzuwa. Timadzi ta Kamwankhwali tinkafika pa matumba a mchenga, n'kulowa pansi osaonekanso. Koma Nachisale ankaona chinthu china. M'dera lonselo udzu unauma, koma maluwa a m'matayala a kapitawo ankanenepa popanda wowathirira, ndipo khoma la ofesi linkachita thukuta m'munsi. Iye anangopukusa mutu. Anadziwa kumene madzi, eni ake a khwawalo, akugona.

Mayi Dzinyemba ankakhala kutali, ndipo ntchitoyo ankailondoloza ndi zithunzi zimene kapitawo ankatumiza mwezi ndi mwezi. Zinthu zimene ankafuna kuona zinali zitatu: madzi pa mzere wofiira, bango lomera, ndi achule, pakuti chule sakhala m'dambo labodza. Tsono imvani mmene a Mkwapatira ankachitira. Mwezi ukamatha ankaitana lole ya thanki, n'kutseka ngalande kumunsi ndi dothi, n'kukhuthula madzi. Madziwo asanamwedwe ndi nthaka, iwo ankathamanga n'kujambula. Bango ankatuma antchito kukadula kwina ndi zikwanje, n'kulizika m'ngalandemo ngati makandulo. Likauma ankazula n'kuzika lina. Pa chithunzi, Kamwankhwali ankaoneka wonona kuposa nyanja.

Lole itakhuthula koyamba, kapitawo anauza Nachisale kuti amange mfundo. Iye anati luzi lake ndi la madzi a mtsinje, madzi okwera galimoto akafune lawo.

Musaone kukwiya kumene anakwiya mayiyo miyezi imeneyo. Kumeza dimba la amayi ake sikunakwane, tsopano ankafuna kuti iye yemwe avomereze kuti fumbi ndi madzi. Anauza anzake otaya madimba, koma iwo anati pepala ndi pepala, mphawi sapambana pa mlandu ndi kampani. Anapempha nambala ya mayi wa mumzinda uja, kapitawo anati foni yawo ilibe mayunitsi. Nachisale ankangopita ku ndodo m'mawa uliwonse, luzi lili m'chiuno, losalala ngati tsiku limene analisenda.

Tsiku losaina linaikidwa mvula isanayambe, ndipo amene anasankha tsikulo ndi a Mkwapatira, podziwa chimene ankaopa. Kutatsala tsiku limodzi anamuitana Nachisale n'kumuuza mokoma kuti mlendo wawo, mayi Dzinyemba, akafunsa, anene kuti madzi sanachokepo pa mzere wofiira. Akatero alandira chitenje chatsopano. Akapanda kutero, dzina lake lifufutidwa pa ogawiridwa madimba.

"Dimba lake liti, bwana? Lija lolavula moto? Kafufuteni ndi manja awiri."

Kapitawo anamuuza kuti ngati ndi choncho, mawa adwale.

M'mawa mwake pabwalo paja panakhomedwa tenti yaikulu, panandandalikidwa mipando, pakati tebulo la nsalu yoyera. Malole atatu anakhuthula madzi m'ngalande tambala asanatsike. Bango latsopano linazikidwa lobiriwira. Antchito anabwera ndi ndowa zodzaza achule ogwidwa ku damu n'kuwakhuthuliramo. Kumwamba pabwalopo kunali mbee, koma pamutu pa phiri panakhala mtambo wakuda ngati kunsi kwa mphika, ukung'ung'udza chapansipansi.

Mayi Dzinyemba anatsika galimoto atavala majombo, chinthu chimene chinawadetsa nkhawa a Mkwapatira, pakuti ankayembekeza nsapato za gogoda. Komabe kapitawo anawayendetsa mwachangu, akuwatchinga uku ndi uku ndi mapu. Madzi anawaona pa mzere wofiira. Bango analiona. Achule anawaona, kungoti onse ankatuluka m'ngalande, ali pamzere ngati ana a sukulu, kutsetsereka kulowera ku tenti. Mlendo atafunsa, a Mkwapatira anati achule a kuno ndi aulemu, akukalandira alendo.

Anthu atakhala pansi, pepala linaikidwa patebulo. Mayi Dzinyemba anatulutsa cholembera, koma anati asanasaine akufuna kumva kwa munthu woyang'anira ndodo. Kapitawo anati n'zachisoni, mayiyo wagona ndi malungo.

"Malungowo andisiya pompano," anatero Nachisale akudzuka kumbuyo kwa amayi anzake. Anayenda mpaka patebulo, namasula luzi m'chiuno, naliyala pa nsalu yoyera. Anafotokoza za mfundo. Anati miyezi isanu ndi iwiri wapita ku ndodo osadumpha tsiku, ndipo mlendo awerenge yekha.

Mayi Dzinyemba analitsata luzilo ndi zala kuchokera kunsonga mpaka kunsonga. Mfundo panalibe.

A Mkwapatira anaseka, nati ukalamba ndi matenda, mayiyu amaiwala ngakhale kumanga mpango wake. Anatulutsa zithunzi zonse n'kuziyala pamwamba pa luzilo. Anthu a m'mudzimo anangoweramitsa mitu. Mlendo ananena mwachisoni kuti madzi wawaona ndi maso ake, zithunzi zilipo, ndipo ku ofesi kwawo sangapite ndi luzi lopanda mfundo ngati umboni. Anavula chivindikiro cha cholembera.

Nachisale misozi ya mkwiyo inalengeza. Koma pomwepo kamphepo kozizira kanatsika kuchokera kuphiri, kakununkha matope ndi masamba ovunda. Fungo limenelo ankalidziwa kuyambira ali kumbuyo kwa amayi ake. Anatchera khutu, namva kulira kwa miyala ikugubuduzika kutali. Anatembenuka n'kuuza amayi anzake kuti anyamule ana akwere chitunda, kenaka anagwira mlendo padzanja.

"Amayi, ngati n'kusaina, kasainireni kumtunda uko. Pamene mwakhalapa ndi panjira, ndipo eni ake akubwera."

Kapitawo anati pasadzuke munthu, kulibe dontho ndi limodzi lomwe lagwa. Koma anthu a kumeneko fungolo anali atalimva nawonso. Anabalalika kukwera chitunda, mlendo ali pakati pawo, cholembera chili m'manja.

Madzi anatulukira pakhonde la phiri ali ofiira, atasenza zitsa pamutu. Amene analipo amati atafika pamphambano, pamene ngalande ya a Mkwapatira inkayambira, anaima. Anaiyang'ana ngalandeyo, anainunkhiza, anayang'ana chitunda chimene ankayenera kukwera, kenaka anapukusa mutu n'kukhotera kwawo. Matumba a mchenga anauluka ngati mitsamiro. Chipaipi chinameza chimene chikanatha, n'kutsamwa. Ndiye bwalo lonse, lomwe linali litavunda kunsi chilimwe chonse, linang'ambika pakati ngati chitenje chakale. Tenti inapita. Mipando inapita ikuvina. Tebulo linapita ndi nsalu yake, zithunzi zake ndi pepala lake. Maluwa anayandama m'matayala mwawo ngati akwati, ndipo ofesi ya malata owala inagwada kaye, kenaka n'kutsatira. Achule aja anayamba nyimbo imene inamveka midzi itatu.

Palibe anafa. A Mkwapatira anapezeka atakumbatira mtengo wa chikwangwani cholembedwa kuti pano pali dambo lobwezeretsedwa, nsapato imodzi palibe, mapu ali kukamwa.

Madzi atachepa mphamvu, mayi Dzinyemba anapita okha ku ngalande yatsopano. Madzi a malole anali atamwedwa kale. Mtsinje wonse unkabangula kumunsi, koma ndodo ya mzere wofiira inangoima pamatope ouma, buluzi ali pamwamba. Anagwira bango limodzi, linazuka lopanda muzu. Anagwira lina, chimodzimodzi. Anavindikira cholembera chawo n'kuchiika m'thumba. Atatero anafunsa Nachisale kuti anadziwa bwanji kumene madziwo adzalowere.

"Amayi, mungawakwirire ndi miyala, mungawajambulire mzere, mungawaikire chikwangwani. Madzi saiwala khwawa."

Pepala silinasainidwe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira. Kampani inakakamizidwa kumasula katundu amene inali itamanga kale, n'kufukula zonse zimene inakwirira. Ulendo uno patsogolo pa makina pankayenda Nachisale ndi khasu lake, akuloza pamene mtsinje unkakhota, pamene unkagona, pamene bango limakonda. Bango linadzalidwa ndi mizu yake. Ndodo ija inasamutsidwira m'khwawa lenileni, ndipo Nachisale anasenda luzi lina, poti lija linapita ndi tebulo. Mayi Dzinyemba anasiya kukhulupirira zithunzi. Ankabwera osanena tsiku, m'dzinja ndi m'chilimwe, ndipo asanapereke moni kwa kapitawo watsopano ankayamba afunsa luzi. Pofika chaka chachitatu luzilo linali ndi mfundo zochuluka moti ankalinyamula pa ngolo. Apo m'pamene anasaina. Nachisale analandira dimba m'mbali mwa khwawa lenileni, ndipo amati mpiru wake tsopano tsamba limodzi amafunda anthu awiri.

Ndiye ana inu, mukamva akulu akunena kuti madzi saiwala khwawa, akutanthauza kuti chinthu chimabwerera kumene chinazolowera. Munthu angapite kutali chotani, tsiku lina mtima udzamukokera kwawo. Ndiponso khalidwe limene mwangolikwirira pamwamba silinafe, likuyenda pansi, likudikira mvula. Chabwino chimabwerera, choipanso chimabwerera. Umboni wake ndi a Mkwapatira omwewo. Atachotsedwa ku Kamwankhwali anapeza ntchito ina kutali, yobwezeretsa nkhalango paphiri lometedwa, atalumbira ndi manja awiri kuti anasintha. Chaka chisanathe, woyendera wina anakagwira kamtengo kamodzi kuti aone ngati kagwira. Kanazuka kopanda muzu.