Magalasi M'chikwama

Galaja ya Che Hamudi ku Ndirande inali kachisakasa ka malata kuseri kwa msika, koma eni njinga zamoto ankaidziwa ngati pakhomo pawo. Pamenepo m'pamene kalabu ya okwera njinga khumi ndi awiri inkakumana, ndipo Loweruka lina la mu Okutobala anasonkhana m'mamawa kuti apite kunyanja ku Mangochi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Che Hamudi kwawo kunali komweko, choncho anali atauza kale mlongo wawo kuti akonze chambo chokwanira gulu lonse.

Kalabuyi inali ndi lamulo limodzi losakambirana kawiri. Pamsewu ankayenda mondondozana, nyali zili zoyaka ngakhale masana, ndipo aliyense ankayang'anira pa galasi nyali ya mnzake wa kumbuyo. Nyaliyo ikasowa, umaima. Wa patsogolo pako akaona kuti yako yasowa, nayenso amaima, mpaka uthenga ufike kwa wotsogolera popanda woimba foni. Che Hamudi nthawi zonse ankakhala omalizira, atanyamula masipanala, pampu ndi zigamba, kuti amene njinga yamuvuta amutole. Tsikulo amene anaikidwa patsogolo pawo anali Dominiko wa ku Bangwe.

Tsono njinga ya Dominiko, yofiira ndi yonyezimira, inalibe magalasi. Anawachotsa sabata yomwe anaigula, ati amaichititsa kuoneka ngati bulu wotukula makutu. Woipa mtima sanali ayi. Anali chabe mmodzi wa anthu aja amene chithunzi cha ulendo chimawakomera kuposa ulendo weniweniwo. Che Hamudi ataizungulira njingayo sanakalipe. Analowa m'kachisakasa muja, natulutsa magalasi awiri akale, limodzi lozungulira lina lamakona, nawamangirira okha.

"Domi, ine ndimaona aliyense, koma wondiona ine ndi iwe wekha," anatero akupukuta manja pa kasanza.

"Osadandaula madala, tili limodzi," anayankha Dominiko.

Anatuluka m'tauni dzuwa lisanawawe, nadutsa Limbe, Njuli ndi Namadzi mosavuta. Ku Zomba anaima kuti athire mafuta, ndipo monga mwa chizolowezi anayamba kujambulana. Apa m'pamene Hawkins, wotsogolera gululo, anafunsa moseka kuti makutu osiyanawo Dominiko wawabwereka kwa ndani. Onse anafa nalo phwete. Dominiko anaseka nawo, koma ataona chithunzicho pa foni mtima unamuwawa. Pamene Che Hamudi anali atawerama kupopa teyala la munthu wina, iye anamasula magalasi aja n'kuwaponya m'chikwama chake chakumsana. Anadziuza kuti khosi ali nalo, azicheuka.

Anacheukadi mpaka ku Domasi, ndipo nyali ya Che Hamudi inali pomwepo, patali pang'ono monga ankachitira nthawi zonse. Koma atafika m'mapiri a ku Machinga, kumene msewu umatsetsereka mokhotakhota, njinga inayamba kukoma. Munthu amene akupendeka m'makona sacheuka. Anatsika phiri, nawoloka Shire pa Liwonde, maso ali pa msana wa Sheila, mayi wa ku Chilomoni amene anali patsogolo pake, maganizo ali pa chambo.

Atayandikira ku Ulongwe, tcheni cha njinga yake chinavuka. Anapatuka n'kuima. Mphindi isanathe Sheila anali atatembenuka, ndipo posakhalitsa njinga zina zonse zinabwerera imodziimodzi n'kumuzungulira. Dominiko anamva kukoma mumtima poona anthu khumi atasiya ulendo wawo chifukwa cha iye. Anawauza kuti asavutike, n'zazing'ono, madala afika pompano ndi masipanala.

Anadikira. Panadutsa minibasi, panadutsa lole ya makala, koma nyali ya Che Hamudi osaoneka. Hawkins anaimba foni, inangoitana osayankhidwa.

"Mwawaona komaliza pati?" anafunsa Sheila.

Ankafunsa Dominiko, koma sankayang'ana nkhope yake. Ankayang'ana mahandulo a njinga yofiira ija, pamene panali timabowo tiwiri topanda kanthu. Palibe amene anamunyoza. Dominiko anasiya njinga yake pa golosale ina, nakwera kumbuyo kwa Sheila, onse nabwerera pang'onopang'ono, ena akuyang'ana kumanja ena kumanzere.

Anawapeza m'mapiri muja, pa kona ina pamene teyala linasiya mzere wakuda pa phula ndipo tchire linali lothyokathyoka. Che Hamudi anali pansi m'chigwembe, njinga itawapsinja mwendo. Ankalewa mbuzi imene inadumphira mumsewu. Magalimoto ankadutsa pamwamba osawaona, foni inagwera patali posafikika, ndipo hutala anaiimba mpaka batire linatha. Anali atagona pa dzuwa la Okutobala kwa nthawi yoposa ola limodzi, milomo itauma gwa.

Dominiko ndiye anayamba kutsetserekera m'chigwembemo. Atachotsa njingayo, anagwada pambali pawo.

"Poyamba sindinaope," anatero Che Hamudi ndi mawu otsika. "Ndimati Domi waona kale, akungofuna potembenukira."

Sheila anapempha nsalu yomangira mwendo, chifukwa magazi anali akutuluka. Dominiko anavula chikwama mwachangu n'kuchikhuthula kuti apeze malaya osambira nawo kunyanja. Pamodzi ndi malayawo panagwa magalasi awiri, lozungulira ndi lamakona, n'kugubuduzikira pa udzu pafupi ndi dzanja la Che Hamudi. Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenuzira nkhope kumbali. Dominiko analira ngati mwana pamaso pa anzake onse, koma misozi siibweza ola limene lapita.

Kunyanja sanafike. Galimoto ya munthu wina wachifundo inawatengera Che Hamudi kuchipatala, kumene madokotala ananena kuti mwendowo unapsinjika nthawi yaitali kwambiri. Anaupulumutsa, koma bondo silinapindikenso. Lero Che Hamudi amakonzabe njinga za anthu atakhala pa mpando, mwendo atauwongola, koma kukwera analeka. Dominiko anapepesa kangapo, ndipo iwo anamuyankha kuti zinatha. Anangomupatsa chikwama chawo cha masipanala, n'kumuphunzitsa kumata zigamba ndi kulumikiza tcheni.

Tsopano kalabu ikatuluka, womalizira ndi Dominiko. Njinga yofiira ija ili ndi magalasi awiri osiyana, ndipo palibe amene amawaseka. Akayang'anamo amangoona msewu wopanda munthu, ndipo amadziwa kuti moyo wake uli m'maso mwa amene ali patsogolo pake, monga mmene wa Che Hamudi unalili m'maso mwake. Akuluakulu sananame pamene ananena kuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.